Mpweya wa Alamu

Tsiku limene Anesi anabwereranso kukatchola tiyi pa esiteti, anagwada pakati pa chitunda, dengu lili kumsana. Mpweya unakana kulowa. Kutsogolo kwake mlamu wake Sellah ankakwera chitunda chomwecho akuimba nyimbo ya kwaya.

Anesi anamuyang'ana, mtima n'kuwawa. Inali nsanje, tisabise.

Nsanjeyo ndi imene inamuchotsa ku Thyolo poyamba. Ankaona anzake akubwera pa Khirisimasi atavala za m'tauni, tulo osabwera. Basi anasiya dengu, nakatsegula chiwaya cha tchipisi m'mbali mwa msewu ku Limbe, pamene maminibasi amaima injini zili chilirire. M'mawa uliwonse ankakoleza moto ndi majumbo komanso zidutswa za matayala, monga ankachitira anzake onse, akuuzira nkhope ili pamoto pomwepo.

Patapita zaka, chifuwa chinayamba. Kuchipatala anamuyeza TB, osaipeza.

"Mayi, vuto ndi utsi," anatero dokotala. "Mu utsimo muli tinthu ting'onoting'ono kuposa ufa, tosaoneka ndi maso. Sititsalira m'mphuno, timakafika mkatikati mwa mapapo. Mukapitiriza kukhala pamsewu paja, mwana wanu adzaleredwa ndi ena."

Ndiye anabwerera kumudzi ndi mwana wake Olivia, ndi kabotolo ka mankhwala opopera mkamwa. Anthu ankanong'ona zawozawo za matenda ake. Ndipo pano ngakhale dengu linamukana.

Chomuwawa kwambiri chinali Sellah. Mkazi wosadziwa ndi ku Limbe komwe, wa chitenje chimodzi, koma mpweya wake ngati mvukuto! Ankamubweretsera ndiwo, Anesi n'kumalandira nkhope ili kumbali.

"Alamu, munthu sadya nsanje," anatero Sellah tsiku lina. "Miyendo yakana chitunda, koma manjawo ali bwino. Ku nazale ya mbande za tiyi amagwira ntchito atakhala pansi."

Mawuwo anamubaya, koma anapita. Anaphunzira kuthira dothi m'machubu ndi kudula timitengo ta tiyi ta tsamba limodzilimodzi. Kenaka anamanga kachisakasa kake ka mbande kuseri kwa nyumba. Mbande zoyamba zinaola zonse chifukwa anazithirira mopyola, pofuna kuti zikule msanga Sellah aone. Analira, n'kuyambiranso. Mbande ya tiyi siimva changu cha munthu, imatha chaka ili pamthunzi. Anesi anaphunzira kudikira.

Lero alimi a ku Kapichi ndi ku Chimaliro amabwera ndi njinga kudzagula mbande kwa iye. Olivia ali ku sekondale. Mapapo sanabwerere mwakale ayi, kukazizira kabotolo kaja sikachoka m'thumba. Koma akaona mayi akukoleza mbaula ndi jumbo, amaima n'kumuuza nkhani yake yonse.

Tsiku lina Sellah anafika pa chisakasa, msana ukuwawa ndi dengu.

"Koma alamu, ine ndimakuchitirani nsanje. Ntchito yapamthunzi, bwana ndinu nomwe!"

Anesi anaseka mpaka kutsokomola.

"Tisinthane basi. Tengani nazale yonseyi, mundipatse mpweya wanuwo."

Sellah anagwira pachifuwa pake, napukusa mutu kukana.

Inu amene mukuwerenga, musanasirire za mnzanu, kokani mpweya kaye, muone chuma chimene muli nacho. Ndipo ngati china chinakutayikani kale panjira, gwirani ntchito ndi chimene chatsala. Mukadapuma, osataya mtima.