Manja Ofiira pa Khonde la Yu Parmi

Du! Du! Du! Tambala asanalire, munsi wa Yu Parmi umakhala wayamba kale kuseri kwa khoma. Mayiyu amasinja chikasu n'kupanga jamu, chakumwa chomwe amagulitsa pa njinga m'tinjira ta mumzinda wa Solo. Zala zake zinasanduka zachikasu kalekale. Wake mwana alibe, koma masana pakhonde pake pamadzaza ana a eni. Amawaikira beseni la madzi kuti aziponyamo dzira, supuni, chikamba cha kokonati, n'kumakangana kuti chimire n'chiti.

Ambar wa nyumba yoyandikana sankagona nazo tulo zimenezi. Mwana wake Gendhis anali wa zaka zinayi zokha, ndipo mwana atha kumira ngakhale m'beseni. Ankamulola kupitako, iye maso ali pazenera.

Tsiku lina atangotembenuka kuti aphule mpunga, Gendhis anatulukira ali wefuwefu, manja psuu, malaya psuu.

"Amayi, taonani!"

 Ambar anamunyamula n'kuthamangira kukhonde kuja, uku akufunafuna bala.

"Yu, mwandiphera mwana! Mwamugwiritsa mpeni?"

"Mpeni wanji, mng'ono wanga? Wovulala amaseka chonchi, mano onse pamtunda? Tanunkhiza magazi akowo."

Ankanunkhira sopo.

Yu Parmi anatenga pepala lopaka madzi a chikasu. Gendhis anaviika chala m'thovu la sopo n'kujambula nsomba, nsombayo n'kufiira pomwepo. Kenako anafinyirapo ndimu, kufiira konse balala, pepala n'kubwerera mwakale. Ana anakuwa ngati achinya chigoli.

Ambar anaziphunzirapo izi kusekondale, koma pa bolodi pokha. Anaviika chala chake mwamanyazi n'kulemba mzere. Psuu! Analembanso wina.

"Iwe, utithera mapepala, ana ali pamzere," anatero Yu Parmi. "Ndiye bwanji, mawa mwanayu abwere kapena umutsekera m'kabati?"

"Abwera. Koma inenso ndizikhala pompano. Nanga malayawa achape ndani?"

"Mwini mwana. Ukawayanike padzuwa, chikasu chimaopa dzuwa."

Atapita onse, Yu Parmi anayang'ana matumba akale a mpunga omwe anali pakona. Anaganiza zowadula n'kusokera mwana aliyense chovala pamwamba pa malaya, ndi china chachikulu cha Ambar, poti mawa amafuna kuyesa maluwa abuluu a pampanda, aone ngati nawonso asintha mtundu.