Tizilombo ta M'chilonda Changa

Ndikukumbukira chaka chimene khasu linanditema pamwendo tikuunga mizere ya fodya kwathu ku Ngauma. Ndinali m'kalasi yachitatu. Chilonda chinatupa, chinayamba kununkha. Bambo anandikweza panjinga mpaka kuchipatala cha pamishoni.

Kumeneko a enferemeru, ndiye kuti namwino, munthu wamtali wosakaniza Chiyao ndi Chinyanja polankhula, ankandibaya jakisoni m'mawa uliwonse. Posakhalitsa kutupa kunaphwa. Bambo anati tizipita. Mvula inali itagwa, mbande za fodya zikudikira kuwokera.

"Mwanayu wachira," anatero bambo.

"Sanachire. Mukapita naye lero, mwendowu tidzaudula," anayankha a enferemeru.

Bambo anaseka. Sanali munthu woopsezedwa ndi mawu. Pamenepo a enferemeru anatilowetsa m'kachipinda konunkha mankhwala. Anapaka mafinya a pachilonda changa pakagalasi, n'kudonthezapo utoto, n'kuika pamakina okuza zinthu zosaoneka ndi maso. Anati ndiyambe ine kusuzumira.

Mayo ine! Timadontho tambirimbiri, tina patokha, tina tiwiritiwiri. Kamodzi kanali kothina pakati ngati khoko la mtedza.

"Kameneko takapeza kakugawikana," anatero a enferemeru. "Kamakula, kamadzimanga m'chiuno, kamamanga khoma pakati, kenako n'kuduka. Kamodzi kasanduka tiwiri, tiwiri tisanduka tinayi. Dzuwa likamalowa, ndi mudzi."

Ndinadumpha ndi mwendo umodzi. "Bambo, bwerani mudzaone! Tizilomboti tikuberekana popanda ankhoswe!"

"Khala chete iwe," anatero bambo. Koma anavula chipewa, n'kuwerama. Anayang'ana nthawi yaitali, diso lina atalitseka ndi dzanja. Poweramuka anafunsa motsitsa mawu: "Ndiye kuti tikatsala tochepa, tidzadzazanso?"

"Eya, bambo."

"Ngati udzu wa nsongole basi. Munda sapalira theka."

Anandisiya kwa azakhali pafupi ndi mishoni. Fodya anakawokera awiri ndi amayi, misana ikuwawa. Ine ndinabayitsa jakisoni yense mpaka womaliza.

Chaka chino mdzukulu wanga wamkazi, amene akuphunzira unamwino ku Cuamba, wandionetsa pafoni tizilombo tamoyo tikugawikana. Akuti m'kati mwake mumapangika kamkombero, n'kumathina pang'onopang'ono monga timamangira pakamwa pa thumba la chimanga, khoma latsopano likutsatira. Akutinso jakisoni wa mtundu umene ndinabayidwa amaletsa kumanga khomalo, kachilombo n'kuphulika. Ndinaomba m'manja. Ndinamuuza abwereze, nabwereza, ndinamuuza abwerezenso.

"Agogo, foni itha moto," anatero.

"Ithe," ndinayankha.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo sindichita nazo manyazi. Koma ichi ndinachiona ndi diso langa: chilonda kupola pamwamba si kuchira, ndipo mdani wamng'ono wodziwa kugawikana samusiyira mbewu. Ndakalamba ndi miyendo yanga iwiri. Pakhomo panga palibe wosiya mankhwala panjira ati wapeza bwino. Woyesa amayamba wakumana ndi ine.