Bokosi Limene Tinkagonamo

Amuna anga akafuna chinthu sanena kuti akuchifuna. Amangochiyamikira m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka iwe wekha utatopa n'kunena kuti kaguleni, tipumeko. Umu ndi mmene tenti ya padenga la galimoto inalowera m'banja mwathu. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Chintheche, ine ndili namwino pachipatala china chaching'ono, iwo akuphunzitsa kusekondale. Tonse kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo Chitonga changa chinkathera pa moni ndi kufunsa wodwala pamene pakupweteka.

Matenti amenewa anawaona ku Kande, pamagalimoto a alendo aja oyenda dziko ndi dziko. Ina inatsala paloji ina kumeneko, mwini wake galimoto itamufera n'kukwera basi. Siinali ija yansalu yokhayokha. Inali ya chigoba cholimba, yaitali kuposa munthu, ndipo ikatsekedwa inkangokhala bokosi lafulati. Ukamasula zokowera zake, chivindikiro chinkadzuka chokha pang'onopang'ono n'kukoka nsalu za m'mbali, mkatimo muli matiresi. Makwerero ake anali opinda. Aphunzitsi anga anaizungulira, kuigogoda, kuinunkhiza, ndipo ine ndinadziwiratu kuti mpando wa pabalaza umene ndinkafuna chaka chimenecho sindiuona.

Kuikweza inali ntchito ya tsiku lathunthu. Pikapu yathu inali yakale, denga lake lochepa mphamvu, choncho tinapita kwa mmisiri wowotcherera zitsulo pafupi ndi msika. Anaimika mizati kumbuyo, n'kugoneka zitsulo zopingasa pamwamba, kenako amuna angapo anaikweza n'kuimanga ndi mabawuti. Chigoba chake chinali chitayamba kung'aluka ndi dzuwa, ndiye amuna anga anagula pepala lakuda la pulasitiki, n'kulikutira bwinobwino, n'kulimanga ndi chingwe. Pobwerera kunyumba ankayendetsa ngati anyamula mazira. Ndikukumbukira kuti podutsa pamsika phokoso linachepa, ndipo bambo wina anatsika panjinga yake. Ndinangoganiza kuti akusirira.

Ndinene zoona, ndinaikonda. Tinayamba kugonamo pakhomo pathu pomwe, anansi akutiseka kuti tathawa nsikidzi. Kumwambako kunkapita kamphepo, udzudzu unkathera paukonde wa pazenera, ndipo wobwera kudzagogoda kuti kuli wodwala ankagogoda chitseko cha nyumba yopanda anthu. Vuto linali loti mnzako akatembenuka galimoto yonse inkagwedezeka, komanso kutsika makwerero utamanga chitenje kunkafuna pemphero. Chimodzi chokha ndinawaletsa amuna anga. Tsiku lina pondiseka anakoka chivindikiro ine ndili chigonere, mdima n'kunditsikira kumaso, ndipo ndinawauza kuti akadzabwerezanso adzadziphikira okha mpaka kukalamba.

Loweruka lina m'mawa tinanyamuka kupita kugombe lina pakati pa Chintheche ndi Kande. Mnzanga wa kuntchito anali atatiuza kuti kuli mchenga woyera, kulibe alendo, ndipo eni mudzi savuta. Tinasiya msewu wa tala n'kulowa kanjira ka mchenga kodutsa m'minda ya chinangwa. Mitengo ya mango inali yotsika, ndipo nthambi zinkakwapula tenti n'kukodwa m'chingwe. Sitinaime kuti tizichotse. Mchenga utachuluka, amuna anga anayatsa magetsi ophethira aja. Amatero nthawi zonse akachita mantha, ngakhale kumbuyo kulibe ngakhale mbuzi.

Patsogolo tinapeza masamba aawisi atayalidwa mopingasa njira. Chizindikiro chimenechi n'chimodzi kulikonse, ku Ntcheu kaya kunyanja: pamudzi pali maliro. Tinazimitsa wailesi, liwiro n'kuchepanso.

Woyamba kutiona anali mayi wina amene ankachokera kunyanja atasenza beseni la chinangwa chovuulidwa m'madzi. Anaima, n'kuyang'ana pamwamba pa galimoto, osati pa ife. Anatula beseni pansi, n'kugwira m'mutu ndi manja onse awiri. Kulira kwake kunayamba motsika, ndipo asanamalize mpweya woyamba, kunyumba za patsogolo ena anali atayankha kale. Amayi ankatuluka m'minda ndi m'makhonde n'kumayenda m'mbali mwa galimoto, ena atagwira chitsulo cha kumbuyo. Amuna anaimirira pansi pa mtengo atavula zipewa. Mkulu wina anabwera kutsogolo kwathu n'kumatikodola ndi dzanja kuti tikhotere pabwalo la nyumba ina ya malata.

"Mayi, kodi zikutani?" anandifunsa amuna anga.

Ndinasuzumira pazenera n'kuyang'ana kumwamba. Bokosi lalitali lokutidwa ndi chakuda, lomangidwa ndi chingwe, masamba aawisi ali lendelende, magetsi akuphethira.

"Zimitsani magetsiwo," ndinatero. "Akuyesa kuti tabweretsa mtembo."

Titaima, anyamata akuluakulu anali atayamba kale kumasula chingwe. Amuna anga anatuluka akugwedeza manja, koma mawu awo ankamira m'kulira. M'nyumba muja munatuluka mayi wachikulire, atagwiridwa uku ndi uku, wamfupi, wopanda nsapato. Sankalira mofuula ngati enawo. Ankangobwereza kuti, "Mwana wangu waza, mwana wangu waza," kutanthauza kuti mwana wake wafika.

Poona kuti sakumveka, amuna anga anakwera kumbuyo, n'kukoka pulasitiki ija, n'kumasula zokowera. Chivindikiro chinadzuka chokha monga mwa nthawi zonse. Pamoyo wanga ndamva anthu ambiri akusiya kulira, koma sindinamvepo kukudulika chonchija. Ena anabwerera m'mbuyo, mwana wina anathawa. Panatsala phokoso la mafunde okha kuseri kwa nyumba, pabwalo pali tenti yotseguka ndi mapilo athu awiri.

Mayi wachikulire uja anadzimasula kwa omugwira. Anaona makwerero amene amuna anga anatsitsa, n'kuyamba kukwera, palibe amene anamuletsa. Atafika pamwamba analowetsa mutu, n'kupapasa matiresi kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, n'kukweza bulangete. Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana ine, mwina chifukwa ankandidziwa kuchipatala.

"Ama anesi, mwamusiya kuti?" anandifunsa m'Chichewa.

Ndinachita manyazi aakulu ndi mapilo aja, ndi basiketi yathu ya nkhuku yokazinga.

Pamaliro suchoka ngati wasochera njira, ndiye tinakhala, ine ndi amayi anzanga pamphasa, amuna anga pansi pa mtengo. Mayi amene ndinakhala naye pafupi ndiye anandifotokozera. Womwalirayo anali mwana yekhayo wamwamuna wa mayi uja, ndipo anafera ku Joni kumene ankagwira ntchito. Anzake a kumeneko anaimba foni kuti mtembo wanyamuka, kenako kuti wadutsa malire. Manda anakumbidwa. Kuyambira pamenepo mafoni awo sankalowanso, ndipo mudzi wonse unkangotchera khutu kumsewu. Mitembo ya ku Joni imabwera chomwecho, anatero, m'bokosi lalikulu lokutidwa, pamwamba pa galimoto kapena m'ngolo yokoka.

Dzuwa litafika pamutu, mkulu uja anatikodola poyamba anaitana amuna anga ndi ine kuseri kwa nyumba. Anali mchimwene wa mayi wofedwayo. Ankalankhula akuyang'ana pansi, amuna anga akuwatchula kuti asambizi, ndiye kuti aphunzitsi.

"Asambizi, ndi imwe ama, tikhululukireni. Uthenga unandipeza ine m'mawa, musanafike. Mwana anamuika kale komweko. Kutumiza mtembo kunawakanika anzakewo, ndiye ankangotinamiza chifukwa cha manyazi. Ine ndimafunafuna poyambira kumuuza mlongo wanga, basi galimoto yanu yatulukira."

Tsopano anali atamuuza. Manda okumbidwa sasiyidwa kukamwa, ndipo akuluakulu anagwirizana kuti aikemo thunthu la nthochi, monga amachitira msodzi akamira osapezeka. Izi sizinandidabwitse, kwathunso zimachitika. Chimene chinandidzidzimutsa ndi chotsatira chake. Mayiyo anavomera, koma anati thunthulo lisachokere kuseri kwa nyumba ngati chakudya cha ng'ombe. Lichokere kumsewu wa tala, pagalimoto yathu, m'bokosi lomwe lija.

"Ayi," ndinatero, ndisanaganize n'komwe. "Mmenemo timagonamo ife. Ndife amoyo."

Ndinayang'ana amuna anga kuti andithandize, koma iwo anali atapeza chinthu chochititsa chidwi pa nsapato zawo. Mkulu uja sanakakamize. Anangoti yewu, kuthokoza, n'kubwerera kubwalo. Ine mtima unali utakwera. Ndinawauza amuna anga kuti zonsezi ndi chifukwa cha pulasitiki yawo ndi magetsi awo, ndi kuti tinyamuke. Koma mkwiyowo unali chophimba chabe. Ndinkaopa. Ndasambitsapo mitembo, ndatsekapo maso a anthu ambiri, koma zimenezo zinkatsala kuchipatala, sizinkanditsatira pogona.

Tikupita kugalimoto, tinapeza mayi uja atakhala pamchenga, atatsamira tayala la kumbuyo. Ndinagwada kuti nditsanzike. Anandigwira pamkono, dzanja lake louma ndi lotentha.

"Ama anesi, popita ndinamuperekeza ine mpaka kumsewu, ndinamunyamulira chikwama. Anandiuza kuti adzabwera pagalimoto." Anakweza maso kuyang'ana tenti ija. "Lero m'mawa ndinamuona akubwera. Musandilande kawiri."

Ndinakwera ndekha makwerero n'kutsitsa mapilo ndi bulangete. Amuna anga anakoka matiresi, chifukwa ndi matiresiwo ndi thunthu pamodzi chivindikiro sichikanatsekeka.

Thunthulo analidula kudimba, lalitali ngati munthu, n'kulikulunga m'nsalu yoyera. Analidutsitsa kanjira ka m'chinangwa kuti amayi asalione, ife n'kubwerera ndi galimoto kukadikira pamphambano. Magalimoto ankadutsa pa tala, minibasi ina inaimba hutala, anthu akupita kumsika monga tsiku lina lililonse. Amuna awiri analikweza mosavuta n'kuligoneka pamene ndinkagona ine. Amuna anga anatseka chivindikiro, n'kukutiranso pulasitiki. Mmodzi wa akulu a mpingo anaima chapatali, nkhope itakwinyika. Nthawi ino masamba anachita kuwathyola dala n'kuwasomeka m'chingwe.

Ulendo wachiwiri pakanjira kaja sindidzauiwala. Tayala likalowa m'dzenje, pamwamba pathu pankamveka chinthu cholemera chikusuntha, kupita uku n'kubwerera, ndipo galimoto inkagwedezeka ndendende ngati mmene inkachitira mnzako akatembenuka m'tulo. Ndinkadziuza kuti ndi nthochi, ndinaiona ndi maso anga ikudulidwa. Komabe ndinadzimva ndikuuza amuna anga kuti ayende bwino, angamupweteke. Iwo sanandiseke.

Amayi anatichingamira pamasamba paja. Aliyense ankadziwa chimene chinali m'bokosimo, koma kulira kunaposa kwa m'mawa. Amayi a mpingo ovala zoyera anayambitsa nyimbo ya Chitonga imene sindinkaidziwa mawu ake. Pabwalo chivindikiro chinadzukanso chokha. Amuna awiri omwe aja anakwera kuti atsitse, koma atangoyesa, mmodzi anaitana anzake kuti awathandize, ndipo ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo ikutuluka. Mwina kutsitsa kumavuta kuposa kukweza. Nsalu yoyera ija inali itanyowa malo ena, madzi a nthochi atatulukira.

Thunthulo analilowetsa m'nyumba n'kuligoneka pamphasa, pambali pa bokosi lamatabwa limene mmisiri wa pamudzi anakhoma mofulumira. Mayi uja anapempha kuti ndilowe nawo. Anakhala pansi kumutu, miyendo atatambasula, n'kukokera kumutuko pamiyendo pake. Anandigwira dzanja n'kuliika pansalu. Kunali kuzizira kumene ndimakudziwa bwino, kwa munthu amene wapita kalekale, ndipo ndinafuna kuchotsa dzanja koma iye analipanikiza.

Anayamba kusisita ndi dzanja lake linalo, kuyambira paphewa kutsika m'munsi, pang'onopang'ono, monga ankapapasira matiresi athu m'mawa. Atafika pakati anaima, n'kupima ndi zala zake kukula kwake. Anandiyang'ana, ndipo maso ake anali ouma.

"Waonda," anatero. "Kumeneko sankadya, mwana wangu."