Mlongo Wake wa Rozina

Daliso anabadwira ku Ndirande, ndipo makolo anamutcha Christina. Ku Glasgow anabwera akadali wamng'ono, kutsatira mkulu wake, Rozina, amene amasamalira okalamba ku Springburn. M'mawa Daliso ankatsuka mabasi, masana n'kupita ku koleji kukaphunzira zamagetsi. Ketulo ikafa, Amalawi onse ankagogoda kwa iyeyo.

Tsiku lina anameta tsitsi lonse n'kukhala pansi. "Achemwali, ine ndine mwamuna, ndinadziwa kalekale. Dzina langa ndi Daliso. Zoti mng'ono wanga musiye, muziti mlongo wanga."

Pajatu kwathu mkazi akati mng'ono wanga ndiye kuti ndi mkazi mnzake, akati mlongo wanga ndiye kuti ndi mwamuna. Rozina anakana. Zaka zisanu ndi chimodzi ankangoti uyu. "Uyu wadya?" Daliso n'kumaseka, "Uyu ali ndi dzina, achemwali."

Khansa inamutenga Daliso chaka chatha. Pamaliro anawerenga dzina lakale lija, Rozina anangozolika osatsutsa. Chimenecho chimamudya mpaka lero.

Ophunzira a pakoleji paja amachititsa msonkhano chaka ndi chaka wothandiza anthu ngati Daliso, amene amati matiransi. Wolumikiza masipika ake anali Daliso yemweyo. Ulendo uno anaitana Rozina kuti akalankhule. Iye anavomera, kuti akanene pagulu mawu amene anamumana m'bale wakeyo. Koma Chingerezi chake n'cha kuntchito basi, choncho Vitu, mtsogoleri wa ophunzirawo, Mmalawi wokulira ku Govan mu Glasgow momwemo, anati amasulira.

Rozina anaimirira. "Daliso anali mlongo wanga."

Vitu anamasulira kuti sisita.

Anthu anayamba kung'ung'udza, wina kumbuyo anaimirira kuti azituluka. Rozina analanda maiki.

"Iwe Vitu, wati chiyani?"

"Anti, mlongo si sisita?"

"Ine ndine mkazi kapena mwamuna?"

"Mkazi, anti."

"Nanga mlongo wanga akhala ndani? Chichewa chimenechi unachitola pa basi?"

Vitu anapepesa n'kukonza, koma mtima wa Rozina unali utawawa kale. Mawu osunga zaka zonsezi, tsiku lowatulutsa munthu n'kuwatembenuza. Anauza Vitu kuti awafotokozere anthuwo bwinobwino, kenako onse anene mawuwo pamodzi. Azungu a pamsonkhanopo anayesa. Zinatuluka zokhotakhota, anawabwereza katatu mpaka zinamveka. Anawomba m'manja, ena akulira.

Rozina sanasangalale nazo. Anakhala pampando, n'kuyang'ana sipika imene inkalira ngati njuchi chiyambire msonkhano, popanda woikonza.

"Anthu zana anena," anauza Vitu. "Daliso ankangofuna pakamwa pamodzi, panga. Ndinali nawo mawuwa tsiku lililonse."

Lolemba anapita kwa osema miyala ya pamanda. Anawalembera yekha papepala, kuti pasapezekenso womasulira: Daliso, mlongo wake wa Rozina.