Tsiku Lomwe Ndidakalanda Blantyre

Ndidali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndidanena mayi wina wachizungu kuti ndi wakuba, pakhomo la khitchini ya loji ina ku Senga Bay, dengu la chambo lili pamutu.

Masiku amenewo ndinkawerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira mandasi, ndipo ndinkadziyesa pulofesa wa pagombe. M'kabuku kong'ambika komwe alendo adataya ndidapezamo mapu a Scotland, pakati pake atalembapo Blantyre. Ndidapsa mtima. Blantyre ndi yathu: kumene amalume ankagulitsa usipa wouma, kumene bambo adapita kukafuna ntchito osabwerako, dzina lomwe amayi ankalitchula motsitsa mawu. Anthu angatenge bwanji dzina lolemera chonchi n'kukapatsa kamudzi kawo?

Chambo chomwe amayi ankaperekera kulojiko ndicho chinkatidyetsa. Tsikulo adatuma ine. Nditamva wophika akunena kuti mlendo adaima pambaliyo ngwa ku Scotland, ndidasonkhanitsa Chingerezi changa chonse n'kumuuza kuti akuba inu mubweze dzina lathu. Mayiyo adaseka, n'kundifotokozera modekha kuti Blantyre yawoyo ndiyo yakale; yathu adaitcha amishoni pokumbukira mudzi womwe mnzawo wina adabadwira. Wophika sadaseke. Adati ndibwerere nalo dengulo, ndipo amayi asadzapondenso pamenepo.

Amayi sadandimenye. M'mawa mwake adandigwira dzanja, tidakagwada pamchenga wotentha kuseri kwa khitchini. Wophikayo, munthu wa m'mudzi mwathu momwemo, adapitiriza kusenda anyezi amayi akupepesa. Amayi atamaliza, iye adati adapeza kale wina woperekera nsomba.

Mpaka lero zimandiwawa. Mlendo mwiniwake adangoseka, koma wathu yemwe ndiye adagwaditsa amayi anga. Ndipo malo a Blantyre yathuyo adali ndi dzina kale. Amalume ankawatchulabe kuti Kabula. Pomata dzina lachilendo pamwamba pake ndani adagwadira ndani? Ine ndidalakwa mbali yomwe dzina lidachokera, koma mkwiyo wokhawo sindidaubweze.

Madzulo a tsiku lomwe tidagwadalo ndidakadandaula zonsezi kwa Che Saidi, oyandikana nawo nyumba, akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Adandimvetsera mpaka ndidatopa ndekha, kenako adaluma ulusi.

"Walahi, mfundo uli nayo, mwanawe," adatero. "Koma tsiku lina ukamapita kukalanda mzinda, uziyamba watula kaye dengu la amayi ako."