Sindinalondere Zikwama

Ku Kabwe kulibe phiri. Chokwera chokha chimene ndinakula ndikuchiona ndi mulu wakuda wa zotsalira za mgodi, kumene bambo anga anathera mphamvu zawo. Choncho amayi a ku tchalitchi kwathu atapangana zokapempherera ku mapiri a kufupi ndi damu, kunja kwa tauni, ndinati zivute zitani ndipita nawo.

Nthawiyo n'kuti nditangodzuka pa mphasa. Kuthamanga kwa magazi kunandigwetsa pamsika, mwendo wamanzere n'kuyamba kukoka. Mwana wanga woyamba, namwino wosabweza mawu, anali atagamula kale. Pa tebulo langa la tomato ku Nakoli anaikapo mayi wina, ndipo ine ndimayenera kusamukira kwake ku Kamushanga, ndizikaonera TV. Ine! Tebulo limenelo ndi limene linamuphunzitsa unamwinowo. Ndinkamuuza kuti mwendo wachira, iye n'kumangoti "tizaona". Pa ulendowu anabwera nawo kuti azindiyang'anira.

Pa maulendo athu pali mwambo. Basi ikaima, amene waoneka wofooka amamuyalira chitenje pamthunzi, n'kumuunjikira zikwama za gulu lonse kuti azilondera. Amachita mwaulemu, koma tonse timadziwa kuti amene walondera zikwama kamodzi, zake zatha. Nanenso ndinayalirapo ena. Tsikulo tinangotsika, ndinaona apampando athu akukutumula chitenje uku akundimwetulira.

"Amai, nkhalani apa, kuli kamphepo kabwino," anatero.

"Zikomo, a chair, koma vikwama vilibe mendo, sivizathawa. Ine nikwela."

"Mami, please, osanichititsa nsoni," mwana wanga ananong'ona. "Mukagwa azakunyamulani ndani?"

Mtima unandiwawa, ndipo mantha ndinali nawo, kunama ayi. Ndinathyola ndodo ya mtengo wouma n'kuyamba kuyenda asanamalize kukambirana.

Njira inayamba ndi kutsata m'mbali mwa madzi. Mitengo yakufa inaima m'damumo, mbalame zakuda zitayanika mapiko pamwamba pake, ndipo msodzi wina anasiya kukoka ukonde kuti aone gulu la amayi ovala zofanana. Kenako tinalowa m'nkhalango. Inali nyengo ija mitengo ya miombo imaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, phiri lonse lili psuu. Atsikana a kwaya anathamanga kutsogolo akuimba. Ine ndinkaponda, kuika ndodo, kukoka mwendo, kupuma. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chitunda chitafika pothina, nyimbo inazima. Ana a m'tauni yafulati anali asanaonepo njira yoimirira. Ndinawapeza atakhala pa miyala, akudzikupiza ndi mipango, wina akuchonderera madzi. Mwana wanga anavala nsapato zoterera za kuntchito, ndipo pamwala wina anachita kukwawa. Sindinaseke, ngakhale kuseka kunandifika pakhosi.

Pafupi ndi pamwamba mwendo unanjenjemera n'kukana. Ndinagwira tsinde la msuku, mtima ukugunda m'makutu, ndipo ndinadziwa kuti ndikakhala pansi pano, ku Kamushanga ndapita. Ndinaulankhula mwendowo ngati mwana wa nkhutukumve. Ndinati iwe, wanyamula mabokosi a tomato m'matope a dzinja zaka zonsezi, lero ufuna undinyazitse pamaso pa anthu? Unasuntha.

Pamwamba panali mphepo ndi thanthwe lalikulu. Damu lonse linali pansi pathu, litapindika pakati pa mapiri, bwato la msodzi uja likuoneka ngati khoko la mtedza. Sindinali woyamba kufika, koma kumbuyo kwanga kunali anthu ambiri. Ndinakweza ndodo m'mwamba n'kululutira mpaka anyani a kutsidya anayankha. Chimwemwe chotero ndinachimva komaliza tsiku limene ndinabereka.

Mwana wanga anafika thukuta lili kamukamu, nsapato zili m'manja. Anandigwira pamkono, chala chake chikufufuza mtsempha monga amachitira ndi odwala ake. Anawerenga chamumtima nthawi yaitali, kenako anandisiya n'kuyang'ana kumadzi.

"Mami," anatero, "mawa nizamuuza uja mzimai achokepo pa tebulo yanu."