Mabuku Mazana Atatu a Ba Moven

Ba Moven Katongo anali telala pamsika wa ku Kanyama zaka zoposa makumi awiri. Posoka sankayankhula zambiri, ankangomvetsera, ndipo makasitomala akachepa ankalemba zomwe amva kuseri kwa mapepala odulira madiresi. Mapeto ake linatuluka buku, lonena za mabanja oyamba kumanga m'komboni muno.

Wosindikiza wa m'tauni anafuna ndalama zonse ntchito isanayambe. Ba Moven anapinyolitsa makina awo osokera kwa Ba Kangwa, mnzawo wa pamsika, nabwera kunyumba ndi mabuku mazana atatu pa wilibala. Anakalembetsanso ku ofesi ya msonkho, poti anamva kuti masukulu sagula kwa munthu wosalembetsa.

Mwezi ukatha, mkazi wawo Edna ankawaona akusasa fumbi jekete, akutapako ndalama m'kachitini ka malonda ake a tomato.

"Ni ya boma iyi, amake Belinda. Wolemba mabuku sathawa msonkho."

Ba Moven anamwalira m'nyengo yozizira, ndi chifuwa. Maliro atangotha, Ba Kangwa anabwera.

"Mulamu, sinifuna kukuvutitsani, koma ikafika pa Chisanu, mashini nigulitsa."

Edna ankadziwa kusoka. Makinawo ndiwo akanamudyetsa. M'thumba la jekete anapeza malisiti: a wosindikiza, a mtsikana wotayipa, a wojambula chikuto. Mayi wina wa kutchalitchi anamuuza kuti boma limabweza zotere, choncho anakwera basi kupita ku ofesi ya msonkho ija.

Kalaliki wa kuofesiko, Ba Namukolo, anawerenga malisitiwo mofatsa nawabweza.

"Amayi, msonkho umene analembetsa atate uyang'ana vogulitsa chabe, osati vimene anaononga. Koma anali akatswiri, ka! Apa vionetsa kuti anagulitsa onse, mazana atatu."

Edna anakumbukira za kunyumba. Pansi pa bedi panali makatoni asanu a mabukuwo osatsegula, awiri atafufuma ndi madzi a mvula. Mabuku ochepa omwe anatuluka m'nyumbamo anatengedwa ulere ndi achibale. Apo m'pamene anamvetsa: mwamuna wake ankachita manyazi kunena kuti mwezi wonse sanagulitse ngakhale limodzi, ndiye ankalipira msonkho wa mabuku amene ankagonapo.

Ba Namukolo anamuyang'ana nkhope.

"Ngati pali cholakwika, lembani kalata kuti ananena vosaona, tifufuze. Mwina kangabwereko kandalama."

Edna anaganiza za makina aja. Anaganizanso za mwamuna wake akutuluka pakhomo ndi jekete, akupereka moni kwa aneba ngati munthu amene zamuyendera.

"Palibe cholakwika, mwananga," anatero, akupinda malisiti. "Anagulitsa."

Lachisanu masana makinawo anadutsa pa wilibala kutsogolo kwa thebulo lake, akupita kwa mwini watsopano. Edna sanadzutse mutu, ankapanga milu ya tomato. Pambali pake panali buku limodzi, lomwe amalipukuta m'mawa uliwonse. Mpaka lero palibe amene wafunsa mtengo wake.